Musiro pankhope ya achemwali

Mwezi watha ndinataya zodzola zanga zakale n'kukagula zatsopano. Ntchito yochepa chonchi inanditengera masiku anayi, ndipo mwana wanga Tereza anandiseka. Iye anabadwa mfuti zitasiya kulira. Ndikulemba izi kuti iye ndi anzake adziwe chimene chinkandizunguza.

Linali Lachinayi lina m'nthawi ya nkhondo, chimanga chitauma m'munda. Tinali kwathu ku Ngauma, kufupi ndi Massangulo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Achemwali anga a Ameliya anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anali atangobwera kuchokera ku Cuamba, kumene anakhala zaka ziwiri kwa azakhali amene anakwatiwa ndi munthu wa kunjanji.

Anabwera ndi kachitini ka mabisiketi. Munali paudala, pensulo yakuda ya m'nsidze, batomu wofiira wopaka milomo, kagalasi kobenthuka pakona, ndi kamtengo koyera kotalika ngati chala. Kamtengoko ankati ndi musiro. Anandiuza kuti akazi a Chimakua amaupera pamwala ndi madzi n'kudzipaka kuti khungu lisalale. Zina sanandiuze, inenso sindinafunse.

M'mawa umenewo ndinkasenda chinangwa pakhonde. Achemwali ankachapa. Mfuti inalira kumtunda, kamodzi. Nkhuku zinasiya kupalasa. Kenaka mfuti zinalira zambiri.

Abambo anali atapita kudimba panjinga. Sitinawadikire. Amayi anatenga ufa, mphika umodzi ndi mpeni. Ine anandituma kukatenga bulangeti m'nyumba. Ndinatuluka ndi kachitini. Mpaka lero sindidziwa kuti manja anga anasankha bwanji.

Tinayenda m'thengo kulowera ku Mandimba, msewu waukulu tikuuzemba. Kumbuyo kwathu kunakwera utsi. Amayi anati tisatembenuke. Ine ndinatembenuka kasanu. Sindinakhalepo munthu womvera akauzidwa kuti akhale phee.

Tsiku lachiwiri tinafika pakamtsinje pamene anthu ena othawa anaphikapo. Phulusa lawo linali likadali lofunda. Amayi analiyang'ana, kenaka anayang'ana ife.

"Kutsogoloku amatenga atsikana," anatero. "Dzidetseni. Munthu akakuonani achite nseru."

Atatero anakwera pachulu kuti aziona njira.

Achemwali anayamba ndi ine. Anasakaniza phulusa ndi madzi n'kundipaka m'masaya. Linaluma ngati tsabola. Ndi pensulo anajambula mizere pansi pa maso anga. Ndi batomu anaika timadontho m'khosi ndi m'mbali mwa milomo, n'kutifikisa ndi chala kuti tioneke ngati zilonda. Dzanja lawo linali laluso. Nditadziona m'kagalasi ndinanyansidwa ndekha.

Inafika nthawi yoti ine ndiwapake iwo. Nkhope ya achemwali inali yosalala ngati ya khanda. Mudzi wonse unkaidziwa, ndipo ine ndinkainyadira ngati yanga. Phulusa linali likundiotchabe m'masaya. Ndinati mumtima, ayi, ili silikhudza nkhope iyi. Ndinatenga musiro n'kuupera pamwala wa mumtsinje. Unatuluka woyera. Ndinaganiza kuti choyera n'choyera, kaya phulusa kaya musiro, munthu aoneka wotuwa basi.

Iwo anayang'ana mwalawo, anayang'ana ine, natseka maso. Ndinawapaka bwinobwino, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. Sindinasiye malo.

Amayi musiro anali asanauonepo. Atatsika pachulu anangoti tiziyenda.

Tinakumana ndi anthu a mfuti dzuwa lili pamutu, pamene njira inkadutsa m'nsungwi. Anali amuna asanu. Mmodzi anavala nsapato yakumanja yokha. Ena ankalankhula Chiyao, ena Chimakua, ena chathu chomwe. Woyamba anandigwira chibwano, naona zilonda zija, nalavula pansi. Anapukuta dzanja lake pabuluku.

Wamtali anaima patsogolo pa achemwali. Anaseka, naitana anzake. Analankhula Chinyanja chothyokathyoka.

"Mwatikonzera namwali. Kwathu kunyanja yamchere amapaka chonchi."

Anasenzetsa achemwali ufa wathu womwewo n'kuwatenga. Amayi anawatsatira mapazi angapo mpaka mmodzi anawamenya ndi mfuti paphewa. Achemwali sanatembenuke. Chimene ndinaona pomaliza chinali khutu lawo, pamene musiro unathera.

Tinayenda masiku ena awiri. Tinadya masuku osapsa. Mandimba tinaizungulira patali. Dzanja lakumanzere la amayi linkangolendewera. Ine ndinkathamangira kutsogolo n'kubwerera, kutsogolo n'kubwerera, ngati kagalu kosokera. Kachitini kankalira m'nsalu, ndiye ndinadzazamo masamba kuti kakhale chete.

Tinalowa m'Malawi cha ku Chiponde, m'mawa. Panalibe mpanda kapena chizindikiro. Mayi wina amene ankakolola nandolo anatiuza kuti tafika. Anatipatsa madzi m'chikho. Zilonda za batomu zinakana kuchoka masiku awiri, ndipo ana a kumeneko ankandithawa.

Ku Malawi komweko ndinafunsa mayi wina wa Chimakua za musiro. Anandiuza mosavuta, akusankha nyemba. Anati kwawo mtsikana wopaka musiro nkhope yonse ndiye kuti wakula, sanakwatiwe, ndipo akukonzedwa. Phulusa limabisa munthu. Musiro umamuonetsa. Ndinapita kuseri kwa msasa n'kusanza.

Amayi sindinawauze. Anamwalira m'dzinja lachiwiri asakudziwa. Za abambo sitinamvenso kanthu.

Nkhondo itatha ndinabwerera. Achemwali ndinawapeza pamsika wa Mandimba akugulitsa nsomba zouma za ku Amaramba. Anali ndi mwana kumbuyo, chipsera patsaya lakumanzere, ndi mano awiri osowa. Tinagwirana manja. Anandifunsa za amayi, ndinawauza. Za kumene anakhala zaka zonsezo sananene.

Kuyambira pamenepo tayenderana zaka zoposa makumi atatu, ine ku Cuamba, iwo ku Mandimba. Timakumana pamaliro ndi pamaukwati. Timakamba za mvula, za nyemba, za mawondo opweteka. Ndikamalankhula nawo ndimayang'ana manja awo kapena nsalu yawo ya kapulana. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzandifunsa kuti unandipaka chiyani, ndipo ndinkaopanso kuti sadzandifunsa mpaka mmodzi wa ife afe.

Kachitini ndinakasunga. Zamkati zikatha ndinkagula zina zofanana nazo: paudala wolemera, pensulo yakuda bii, batomu wofiira ngati magazi a nkhuku. Ndinkadzikonza ngati mmene achemwali ankadzikonzera ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Nkhope inkakula, kachitini osakula.

Mwezi watha Tereza ankakwatiwa. Kutatsala sabata, achemwali anaimba foni.

"Ndikubwera Lachisanu paminibasi ya shapa," anatero. "Sindikufuna kuoneka ngati nsomba zangazi m'zithunzi za mwana. Udzandikonze nkhope ndiwe."

Foni itaduka ndinasesa bwalo limene ndinali nditasesa kale. Kenaka ndinatsegula kachitini. Tereza ananunkhiza batomu n'kukwinya mphuno.

"Amayi, uyu akununkha mtedza woola. Paudalayu ndi amene amakuyabwani m'maso. Akamakhala m'makwinya mumaoneka ngati khoma long'aluka. Mukufuna mupake amayi aakulu zimenezi?"

Mwanayo pakamwa anatengera ine. Ndinamukalipira, koma ankanena zoona. Ndinakhuthulira zonse m'dzenje la zinyalala. Kachitini kanatsala kopanda kanthu, dzimbiri lili m'makona.

Sitolo ya zodzola ili pafupi ndi siteshoni ya sitima. Tsiku loyamba ndinaidutsa n'kukagula anyezi. Tsiku lachiwiri ndinafika pakhomo n'kukumbukira kuti ndasiya nyemba pamoto, chonsecho panalibe nyemba. Tsiku lachitatu ndinalowa, ndinaona mabotolo mpaka kudenga, n'kutuluka. Tsiku lachinayi wogulitsa, mayi wachitsikana dzina lake Fatima, anaima pakhomo n'kundiitana titiya, ngati ndine azakhali ake.

"Titiya, mukuzungulira sitolo yanga ngati mukufuna kuigula yonse. Lowani mukhale."

Sindinakhale. Ndinaimirira, chikwama chili m'khwapa. Ndinamuuza kuti andipatse paudala wamphamvu wobisa makwinya.

"Makwinya sabisika," anatero. "Mukawathira ufa amatuluka onse kudzaona amene wabwera. Khungu likamakula limamva ludzu. Limafuna zochepa, koma zonyowa."

Anaika zinthu zisanu patebulo. Sopo wofewa wosaumitsa khungu. Mafuta odzola m'mawa ndi madzulo, nkhope ikadali yonyowa. Mafuta ena oteteza kudzuwa. Kabotolo ka zopaka zamadzimadzi zofanana ndi khungu, m'malo mwa paudala. Pensulo yofiirira, chifukwa yakuda imaumitsa nkhope ya munthu wamkulu. Za batomu anati ndisankhe ndekha, bola akhale wamafuta, wosalowa m'ming'alu ya milomo. Ndinaloza mafuta oyeretsa khungu amene anali pamwamba. Anapukusa mutu n'kunena kuti amenewo amapyapyalitsa khungu, ndipo iye sangapatse mayi ake.

Ananditulutsa panja. Anati mtundu sayesera padzanja kapena pansi pa babu. Anandipaka kadontho m'nsagwada, dzuwa likuwala, anthu opita kusitima akutiyang'ana. Kachitatu kadonthoko kanasowa m'khungu. Anati ndi kameneko.

Ndinamuuza kuti ndikufunanso za achemwali anga.

"Khungu lawo ndi lotani?"

Ndinati losalala, lowala kuposa langa, lopanda banga.

"Ali ndi zaka zingati?"

Nditatchula zakazo anandiyang'ana. Ndinadzimva ndekha zimene ndinanena. Ndinkafotokoza mtsikana wa pamwala uja. Munthu amene wakhala zaka zonsezi padzuwa ndi mu utsi wa nsomba sindinkamudziwa khungu. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

"Sindikudziwa, mwanangu," ndinatero. "Ali ndi chipsera patsaya. Zina sindinayang'ane."

Anathira mitundu itatu m'tizivindikiro n'kumanga m'pepala.

"Mukayese pazenera. Chipseracho musachikwirire, chimatupa mukachiunjikira. Mafuta kaye, kenaka pang'ono pokha, ndi nsonga ya chala. Koma titiya, muyenera kuyang'ana. Nkhope sapaka munthu akuyang'ana kumbali."

M'mawa wa ukwati nyumba inadzaza anthu. Ndinalowetsa achemwali kuchipinda n'kutseka chitseko. Anakhala pampando pafupi ndi zenera, navula mpango. Ine ndinakonza mabotolo pabedi, ndinawasintha malo, ndinawakonzanso.

"Iwe, ukwati ndi lero," anatero.

Ndinayang'ana. Khungu lawo ndi lakuda kuposa langa tsopano, louma m'masaya, ndi timizere tambiri m'mbali mwa maso. Chipsera chimayambira pansi pa diso n'kukathera pafupi ndi khutu. Nsidze zayamba imvi. Ndinatenga mafuta n'kuwatenthetsa m'manja. Chala changa chitakhudza chipumi chawo, iwo anatseka maso.

Ndinapaka tsaya limodzi. Mtundu wachiwiri ndi umene unagwirizana nalo. Pamenepo mawu anatuluka okha.

"Achemwali, tsiku lija amayi anati phulusa. Ine ndinakupakani musiro. Ndinkasungira khungu lanu. Sindinkadziwa tanthauzo lake. Anakutengani chifukwa cha ine."

Sanatsegule maso.

"Ndiye chimene wakhala ukuyang'anira pansi zaka zonsezi? Ine ndinkayesa chipserachi chimakunyansa."

Ndinati ayi. Ndinati ayi kambirimbiri.

"Ukuganiza kuti ine musiro sindinkaudziwa? Ndinakhala ku Cuamba kuno zaka ziwiri. Ndinakuona ukupera, ndipo ndinadziwa chimene anthu aja adzaone. Madzi anali pomwepo, ndikanasamba." Anatsegula maso. "Amayi anati amatenga atsikana. Tinalipo awiri. Iwe unali nthiti zokhazokha, ndi pakamwa posatseka. Sukanatha nawo sabata. Ndinafuna ayang'ane ine."

Ndinakhala pansi, pasimenti, mutu uli pamawondo awo. Ndinalira mokweza, mpaka wina anagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta. Achemwali anamuyankha kuti tikuvala.

Anandisiya ndilire pang'ono. Kenaka anandikoka khutu.

"Dzuka. Tsaya linalo latsala. Sindikalowa m'tchalitchi ndi nkhope theka."

Ndinasamba m'manja n'kumaliza. Pachipsera ndinadutsa kamodzi kokha, ndi nsonga ya chala.

M'nyumba ija ya ku Ngauma tinalimo anayi. Abambo sitidziwa kumene anagona. Amayi ali m'manda a ku Malawi. Tatsala awiri, ndipo ine ndilipo chifukwa achemwali sanasambe.