Mazenera Olembedwa M'vani

Anthu amawatchula Mayi a Magalasi. Zenera likasweka, kaya ndi mpira, kaya ndi matalala a mvula yoyamba, mumangowaimbira foni n'kutchula nyumba. Safunsa kukula kwake. Amabwera ndi galasi lodula kale, ndipo limalowa ngati linabadwira pomwepo.

Nzeru yonse inali m'vani yoyera imene iwo ndi amuna awo anatenga pa lendi ya zaka zinayi ku kampani yobwereketsa magalimoto. Bambowo sankakhulupirira kope. Ankati limanyowa, limasowa. Zenera lililonse limene ayeza ankalilemba ndi pensulo pakhoma la m'kati mwa vani: "Aphunzitsi, kukhitchini, 60 ndi 45." "Wometa, lakutsogolo, 120 ndi 90." Atamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chachitatu, mayiwo anapitiriza pansi pa mzere wawo womaliza, ndi zilembo zing'onozing'ono zopendekeka.

Lendi inatha mitengo ikuyoyola masamba, mphepo ikumenyetsa zitseko, nyengo imene magalasi amasweka kwambiri. Kalata ya kampani inati abweze vani yoyera ngati mmene anaitengera, apo ayi aigule.

Alamu awo, ang'ono ake a malemu, anafika ndi ndowa, sopo ndi burashi.

"Alamu, tiyeni titsuke tikabweze. Mwakula. Magalasi si ntchito ya manja anuwo."

"Manja omwewa ndi amene anaika zenera la kuchipinda kwanu, lija munaswa ndi nsapato pogenda mphaka. Lalembedwa apo, pamwamba pa tayala. Ikani ndowa pansi."

"Ndiye jambulani zolembazo ndi foni, basi."

"Foni yanga yagwera m'madzi kawiri chaka chino. Khomali silinagwerepo."

"Nanga mugula ndi chiyani?"

"Ndigulitsa njinga yamoto ya akulu anu."

Alamuwo anali akuyendera njingayo chichitikireni maliro. Anayang'ana burashi ili m'manja.

"Ija ndimayendera ine?"

"Ija mumabwereka inu."

Njinga inapita Lachitatu. Lachisanu mayiwo anaimitsa vani pakhomo pa kampani, fumbi likuzungulira pabwalo. Kalaliki, bambo wa tayi wofatsa bwino, anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuima kaye. Pensulo inali itadzaza khoma lonse mpaka kudenga.

"Mayi, izitu kwathu kuno timati kuwononga. Komanso injini yatopa, ndaimva mukulowa. Tili ndi yatsopano, muyambe lendi ina, mupume."

"Yatsopanoyo ikudziwa mazenera angati?"

"Galimoto sidziwa mazenera, mayi."

"Iyi imadziwa. Ndabwera kudzagula, bambo, sindinabwere kudzapepesa."

Kalalikiyo anawerenga mizere ingapo chamumtima, chala chikutsika mpaka pamene zilembo zimasinthira. Anangoti anthu wawaonapo akugula galimoto chifukwa cha injini, ena matayala, koma wa pensulo n'koyamba.

Anasaina mapepala patebulo la pafupi ndi zenera lalikulu la ofesi. Zeneralo linali ndi mng'alu pangodya, womatidwa ndi selotepi, ndipo mphepo ikawomba linkalira. Mayiwo analandira makiyi achiwiri, n'kutulutsa tepi yoyezera m'thumba la ovolosi. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, osapempha chilolezo. Kenako anatuluka, n'kukwera m'vani mwawo, n'kugwada pomwe panatsala malo, pansi penipeni pafupi ndi chitseko.

Kalaliki anasuzumira. "Mukulembanso chiyani?"

"Lanu lija. Silifika mvula." Anabweza pensulo kukhutu. "Mphepo ikaligwetsa, muimbe foni. Musavutike n'kuyeza."

Injini inatsokomola kawiri, kachitatu inadzuka. Anatuluka pageti pang'onopang'ono, monga amayendera munthu wonyamula magalasi, kulowera kwa aphunzitsi, kumene zenera lakukhitchini linali litasweka dzulo lake.