Tiyi wa mayi Muhiwa wachita maluwa

Kodi munawaonapo maluwa a tiyi? Ine ndakulira pakati pa tiyi kuno ku Mulanje, koma ndawaonetsetsa koyamba Lachiwiri lapitali. Ndi oyera, pakati pake pachikasu. Ndi okongola ndithu, koma anandiwawitsa mtima.

Ndinkachokera ku Limbuli pa kabaza pamene ndinaona mayi Muhiwa, anzawo a malemu mayi anga, ataima m'mbali mwa munda wawo, manja ali kumbuyo. Ndinatsika kuti ndiwapatse moni.

"Wamva, mwana wanga? Ndawina mlandu uja," anatero, mawu ake ngati akulengeza maliro.

Nkhani yake ili motere. Nthaka ndi ya kwawo kwa mayiwa. Amuna awo anabwera ngati mkamwini n'kubzalapo tiyi. Bambowo atamwalira, abale awo anadzuka: nthaka ndi yanu, koma tiyi ndi thukuta la mbale wathu. Anathamangira kukhoti n'kukatenga chiletso choti pasapezeke wolowa m'mundamo mpaka mlandu utatha.

Chiletsocho chinatuluka msanga ngati ukugula mchere pagolosale. Chigamulo ndiye chinagona panjira. Lero woweruza wasamutsidwa, mawa loya ali ku Blantyre, mkuja mubwerenso mwezi wamawa. Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukatanso, mlandu uli pomwepo.

Tsono tiyi sadikira khoti. Ukamamutchola amalekezera m'chiuno, pamwamba pali see! Ukamusiya amakumbukira kuti iye ndi mtengo. Wa mayi Muhiwa watalika kuposa munthu, mbalame zamangamo zisa, ndipo maluwa ali mbuu.

"Ndinkadutsa pano nsonga zikundiyang'ana," anatero. "Manja ankayabwa. Koma amati ndikangotchola katsamba kamodzi ndiye kuti ndanyoza khoti, andimanga. Ukalamba uno ndikagone kupolisi?"

Musandimve molakwa. Masiku ano tikumva zigamulo zoteteza amayi amasiye kwa olanda chuma, ndipo ndikuombera m'manja. Chondikwiyitsa ndi mmene chiletso chasandukira chibonga m'manja mwa aliyense wokhala ndi loya. Wokachitenga nthawi zina amadziwa kuti mlandu sangawine. Amangofuna kuti popeza iye sadya, mnzake asadyenso.

Nanga chikanavuta n'chiyani kulamula kuti kanganani, koma munda uzisamalidwa? Kodi wosaina chiletso amafunsa kuti chimene akuimitsacho ndi chamoyo kapena ndi mwala?

Akuluakulu anati mlandu suwola. N'zoona. Koma munda umasanduka tchire, ndipo munthu amakalamba.

Ndinawafunsa kuti tsopano atani.

"Nkofunika kudula yense mpaka m'mawondo, n'kudikira kuti aphukenso. Mphamvu zake ndizitenga kuti? Mlandu ukuyamba ndinkasenza dengu ndekha. Lero msanawu ukukana. Ana anatopa n'kudikira, anabalalika kukasaka maganyu."

Njuchi zinkalira m'maluwamo.

Kenaka analowa m'mundamo, koyamba chichokereni kukhoti, akupatula nthambi ndi mikono. Anaima pansi pa mtengo umodzi n'kutambasula dzanja kuti atchole nsonga monga ankachitira kale. Ananyang'ama. Sanaifikire.

Khoti lawabwezera munda wawo. Nanga zaka zija akazitenge ku ofesi iti?