Diresi Lothina la Amayi Tepi

Mumsewu monsemo ankangowatchula kuti Amayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo. Anthu amiseche ankati amagona nayo. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa saluni ndi sitolo ya zitsulo, ndipo munali makina awiri osokera, thebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi kalilole wamtali wothimbirira m'munsi. Anayamba kusoka ali mtsikana. Bambo akunyumba atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo anamulera ndi singano, ndipo kukhala pampando wa makina zaka zonsezo kunawapatsa thupi. Anali mayi wodzaza pakhomo, woseka mokweza, ndipo za thupi lawolo sankasowa nazo tulo.

Pakamwa pokha ndiye panali pakuthwa. Kasitomala akangoyerekeza kunena kuti, “Mundichepetsereko pang'ono, ndikhala nditaonda,” Amayi Tepi ankavula magalasi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ine ndimayeza munthu amene wabwera, osati amene akubwera. Kwezani manja.”

Ndiponso m'msoko uliwonse ankasiyamo nsalu yopindira m'kati, yoti mwini chovala akadzanenepa adzangomasula. Ankaitchula kuti nsalu ya mawa. Telala wosasiya nsalu ya mawa ankamuona ngati wakuba, ndipo wokulitsa chovala poika zigamba m'mbali ankamuseka poyera.

Zinthu zinayamba kusokonekera mwana wawo atapeza banja. Mtsikanayo ankagwira ntchito muofesi, ndipo atatumidwa ulendo wakunja anabwerako ndi nsalu yobiriwira, yolemera, yosintha maonekedwe ikagunda kuwala. Anaiyala pathebulo lodulira lija.

“Amayi, iyi ndi yanu. Mudzisokere nokha, mudzavale paukwati wanga. Ndikufuna mudzaime pambali panga muli m'menemu.”

Amayi Tepi anaisisita ndi zala, misozi ili lengelenge. Moyo wawo wonse nsalu zabwino zinkadutsa m'manja mwawo kupita pamatupi a eni ake. Iyi inali yoyamba kubwera kudzakhala.

Patapita masabata angapo, mabanja awiri aja anakadyera limodzi kuti adziwane. Atatha kudya, mlongo wake wa mkwati anatulutsa foni kuti ajambule. Anabwerera m'mbuyo, nabwereranso, kenaka n'kunena mwanthabwala kuti, “Amayi, pendekekaniko pang'ono, simukukwana.” Onse anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali Amayi Tepi. Koma chithunzicho chitafika pafoni pawo, anachiyang'ana nthawi yaitali. Pachithunzipo mayi ake a mkwati anali ataima pambali pawo, owongoka ngati kandulo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo mwawo, Amayi Tepi anachita manyazi ndi thupi limene linawalerera mwana.

Mankhwala ake anachokera khomo loyandikana. Mayi wa saluni, amene ankadziwa chilichonse kupatula kukhala chete, anawauza kuti nkhani yake ndi yosavuta.

“Asisi, siyani buledi, siyani mpunga, mbatata, shuga, chilichonse cha ufa. Muzingodya mazira, nyama ndi masamba. Mukhala mukusungunuka ngati batala. Mchemwali wanga masiketi ake onse anachita kugawa.”

Akanangosintha kadyedwe n'kulekera pomwepo, bwenzi nkhani ino palibe. Koma chala sichiloza mwini. Tsiku lina masana anatseka chitseko cha shopu, nayala nsalu yobiriwira ija. Anadziyeza m'chiuno, naona nambala yake bwinobwino, kenaka anatenga choko n'kulemba nambala ina, yochepa ndi mainchesi anayi. Sizasi inadutsa pa choko paja mosanjenjemera. Atalumikiza misoko, anachita chinthu chimene sanachitirepo kasitomala ndi mmodzi yemwe: anayepula nsalu ya mawa yonse, kuti mtima ukadzafooka pasadzakhale kothawira. Anapachika diresilo kuseri kwa katani, atalikuta ndi pepala.

Sabata yoyamba anayenda monyada, tiyi wopanda shuga akumumwa ngati chilango chimene adzisankhira okha. Kenaka chizungulire chinayamba. Akadzuka pamakina, khoma linkapendekeka, m'makutu n'kumalira ngati mwalowa udzudzu, ndipo ankagwira m'mphepete mwa thebulo mpaka chipinda chitakhazikika. Ulusi unayamba kukana kulowa pa singano. Miyendo inkalemera, mutu unkagunda chakumphumi, ndipo fungo la buledi wotentha likadutsa pamsewu ankameza malovu ngati mwana. Kasitomala akafunsa ngati ali bwino, ankati ndi kutentha kwa simbi.

“Chizungulirecho ndiye umboni wake, asisi,” anatero mayi wa saluni. “Ndiye kuti mafuta akupsa. Limbani mtima.”

Analimbadi mtima, nachepetsanso ngakhale mazira aja. Mwana wawo akabwera ndi chakudya, ankati adya kale. Kuseri kwa katani ankadzikulunga tepi m'chiuno, kupuma ataimitsa, mimba ataikokera m'kati. Tepi siidziwa chisoni. Inchi imodzi inali itapita, zitatu zili pompo, ukwati ukuyandikira.

Tsiku loyesa diresi la mkwatibwi, mtsikanayo anakwera pa kampando pakati pa shopu atavala zoyera zokhazokha. Amayi Tepi anagwada pansi, mapini ali m'kansalu kapadzanja, n'kumazungulira ndi maondo akupinda mpendero. Anagwada nthawi yaitali chifukwa ankafuna kuti pasapezeke pokhota. Atamaliza anati, “Taima ndione,” nadzuka msangamsanga. Thukuta lozizira linawatuluka m'khosi. Anaona nkhope ya mwana wawo ikupita kutali, m'maso munada bii, ndipo za kugwa kwawo anachita kumva kwa anthu.

Anatsitsimuka ali chagada pakati pa tizidutswa ta nsalu. Mayi wa saluni ankawakupiza ndi katoni, anyamata a m'sitolo ya zitsulo ali pakhomo, ndipo kumbuyo kwawo kunali mitu ya anthu odutsa. Siketi inali itakwera mpaka m'maondo. Choipa koposa, mwana wawo anali atagwada pafumbi ndi diresi laukwati, akuwathira chakumwa chotsekemera m'kamwa, msewu wonse ukuona chovala chimene sichinayenere kuonedwa tsiku lisanafike. Amayi Tepi anatsekanso maso, osati chifukwa cha chizungulire.

Kuchipatala namwino anawayeza, nakwinya nkhope.

“Magazi akuthamanga motsika kwambiri. Mwadya chiyani lero, amayi?”

“Dzira.”

“Dzulo?”

Anayang'ana pansi. Mwana wawo anali ataima pambali pa bedi.

“Dzira ndi kabichi.”

Namwinoyo sanakalipe, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa. Anangoti kusintha kadyedwe si mlandu, koma munthu amene amamwa kale mapiritsi otsitsa kuthamanga kwa magazi ngati iwowo sachita zimenezo payekha mobisa, ndipo kudya dzira limodzi tsiku lonse si kusintha kadyedwe, ndi njala basi.

Atabwerera ku shopu, mtsikanayo sanakhale pansi.

“Amayi, diresi lanu lili kuti?”

“Silinathe.”

Anapita yekha kuseri kwa katani, nalitulutsa. Analitambasula m'mwamba, nayang'ana diresi, nayang'ana mayi ake. Anali mwana wokulira pansi pa thebulo lodulira, choncho analitembenuza n'kuyendetsa chala mumsoko.

“Nanga nsalu ya mawa?”

Mtsikanayo anaika diresilo pathebulo, natembenukira mayi ake.

“Ndiye mukanafa chifukwa cha zimenezi? Ine ndidzaime ndekha paukwati, anthu azidzati koma nsalu yake inali yokongola?” Anakweza mawu mwamkwiyo. “Ndani anakuuzani kuti ndikufuna mayi wina?”

“Ndakuonongera nsalu, mwanawe,” anatero motsitsa. “Madzi akatayika saoleka. Ndidzavala lina, lilipo labuluu lija.”

“Ayi. Mudzavala lomweli. Ndinu telala, onani chochita.”

Chochita chinali chimodzi chokha, ndipo onse awiri ankachidziwa. Amayi Tepi anayambanso kudya monga namwino anawauzira, mphamvu zinabwerera, ndipo inchi ija inabwereranso osachita kuitanidwa. Anayenda m'masitolo onse a nsalu atanyamula kachidutswa kobiriwira m'chikwama. Yofanana nayo kunalibe. Anagula yoyandikira, yoderako pang'ono, yosawala. Anamasula misoko ya m'mbali naikamo zigamba ziwiri zazitali, kuyambira m'khwapa mpaka kumpendero. Anazisoka mwaluso lawo lonse, koma luso silisintha mtundu wa nsalu. Munthu wamba akanatha kuganiza kuti ndi sitayilo. Telala aliyense, ndiponso mayi aliyense amene anauzidwapo kuti akweze manja m'shopu muja, akanadziwa nthawi yomweyo chimene chinachitika.

Ndipo patsiku laukwati amayi oterowo anadzaza holo. Theka la madiresi a m'menemo linatuluka pa makina awo. Amayi Tepi analowa zigongono atazimata m'nthiti, chikwama atachipana m'khwapa limodzi, mpango ukulendewera mbali inayo. Moni ankapereka ndi nsonga za zala. Pojambulitsa anaima chowongoka ngati msilikali, ndipo pakudya ankaweramitsa mutu kutsata supuni kuti mkono usakwere. Mapewa anayamba kuwawa, koma anapirira. Anali atatsala pang'ono kutuluka m'tsikulo osagwidwa.

Kenaka nyimbo inatsika, ndipo woyendetsa mwambo anati mkwatibwi akufuna kuthokoza munthu mmodzi. Mtsikanayo anasiya dzanja la mwamuna wake, nadutsa pakati pa holo, anthu onse atatembenuka. Anaima patsogolo pa mayi ake atatambasula manja.

Amayi Tepi anaimirira. Nkhope inawatentha mpaka m'makutu. Anaona mayi wa saluni akukweza foni, anaona pathebulo lapafupi azimayi atatu amene iwo anawanyozapo chifukwa cha ziuno zawo, maso ali pa diresi. Mwanayo anali akudikirabe, manja ali m'mwamba, ndipo milomo yake inayamba kunjenjemera ngati mmene inkachitira ali wamng'ono akaona kuti amusiya.

Chikwama chinagwa pansi. Anakweza manja onse awiri namukumbatira, zigamba zija zili poyera kuyambira m'khwapa mpaka pansi. Kumbuyo kwawo wina ananong'ona, wina n'kuseka pang'ono, ndipo iwo anamva zonsezo. Mwanayo sanafulumire kuwasiya, ndipo iwonso sanatsitse manja.