Makalata a Dolina kwa Ana a M'chigwa

Mlamu wanga Dolina MacTorran anagawa makalata kuno ku Kilbrannie kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ndikamati sanabwezepo kalata ndi imodzi yomwe, sindikukokomeza. Munthu akasamuka osatsanzika, ankamusakasaka mpaka kumupeza. Ankati kalata ili ndi mwini wake, ndipo si ntchito ya wapositi kufunsa ngati mwiniyo aikonda nkhani ili m'katimo.

Ine ndinakwatiwa ndi mchimwene wake, malemu Ruaridh. Iye sanakwatiwe, ndipo ofuna kumumvera chisoni ankawathamangitsa ndi maso okha. Kwathu kuno mwana wamwamuna woyamba amatenga dzina la agogo ake obereka bambo, wachiwiri la agogo obereka mayi, ndipo palibe amalumpha mwambowu pokhapokha m'banjamo muli chidani. Dolina anabadwa woyamba. Bambo ake analephera kudikira mnyamata, basi anangotenga dzina la agogo ake, Donald, n'kulipinda kuti likwane mtsikana. Dolina ankalinyadira kwambiri.

Za mayinazi zinamulowa mayi ake atamwalira. M'Baibulo lawo anapezamo dzina lakuti Chirsty, ndipo panalibe wodziwa kuti anali ndani. Kuyambira pamenepo tchuthi chake chonse chinkathera ku Edinburgh, akuwerenga mabuku a ubatizo ndi a kalembera mpaka maso kufiira. Loweruka tinkayendera manda. Iye ankagwada n'kumakwecha ndere pamiyala ndi mswachi, ine nditamugwirira ambulera ngati wantchito wake.

"Alamu, akufawa sathawa," ndinkatero. "Tiyeni tikamwe kaye tiyi."

"Gwirani bwino ambulerayo, Jessie. Mukundidonthezera m'khosi."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinatha choncho, ndipo zimene anapeza ndi izi. Kumtunda kwa mudzi wathu kuli chigwa cha Torran, kumene lero kuli nkhosa ndi timakoma ta miyala tofika m'maondo. Mmenemo munkakhala mabanja khumi ndi anayi, anthu 71, onse a MacTorran. Sanali abale ake a mfumu ayi. Ankangotchedwa dzina lake monga ankachitira aliyense wolima m'dziko lake. M'chaka cha 1852 mfumuyo, Sir Aeneas, inaona kuti nkhosa zikhoza kuipindulira kuposa anthu. Madenga anatenthedwa. Ena anakwezedwa sitima ya ku Canada, ena anakankhidwira pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja pomwe tikukhala ifepa. Chirsty uja anamutulutsa atamugoneka pachitseko, ali ndi khanda la masiku atatu.

Dolina ankafuna chinthu chimodzi chokha, chakuti mayina 71 amenewo alembedwe pamwala m'chigwamo. Sankafuna ulemu kapena chithunzi chake m'nyuzipepala.

Ndiye kunabwera Farquhar MacTorran, wapampando wa Bungwe la Fuko la MacTorran. Anali dokotala wa mano wopuma pa ntchito, wa m'tauni, amene amatulukira kuno mwezi wa Ogasiti wokha atavala kilti yatsopano, siketi ija ya amuna ya mwambo wa kwathu, maondo ali mbee ngati mbatata yosenda. Anakhala m'khitchini mwa Dolina, n'kudya masikono anga atatu, n'kumamutamanda mpaka ine manyazi kundigwira.

"Mayi Dolina, inu ndinu chuma cha fuko lathu," anatero. "Chaka chamawa kuli msonkhano waukulu, abale akubwera kuchokera ku Canada ndi ku Australia. Tilemba buku, timanganso chipilala m'chigwa. Mayina anuwa ndiwo akhale patsogolo."

Ananyamula makatoni anayi a mapepala a Dolina, akuti akakopere. Galimoto itachoka ndinamuuza Dolina kuti munthu wodya masikono atatu osafunsa amene waphika ngosakhulupirika. Anandiseka, n'kunditcha wamwano.

Bukulo linafika mwezi wa Juni, lonenepa, la zilembo zagolide. Dzina la Dolina linali kumapeto kwenikweni, m'tizilembo tofuna magalasi: "Mayi D. MacTorran, wapositi, anathandizako." Anathandizako! Zimenezo Dolina sanazisamale. Anatsegula pa chaka cha 1852 n'kupeza chiganizo chimodzi: "M'zaka zimenezi anthu ambiri a m'chigwa anasankha kukafuna mwayi kutsidya kwa nyanja." Mpaka lero ndikakumbukira mawu akuti anasankha, mtima umanditentha. Munthu wogonekedwa pachitseko, denga likuyaka, amasankha chiyani? Tsamba lotsatira linali ndi chojambula cha chipilala chija. Panalibe mayina 71. Panali dzina limodzi, Sir Aeneas MacTorran, ndi mawu akuti "Tate wa anthu ake."

Pakati pa bukulo panali tsamba lalikulu lopinda, losonyeza mzere wa makolo a wapampando mwiniwake. Dolina analiyala patebulo, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono, kenako anaima.

"Jessie, mukukumbukira mwala uja tinautembenuza ndi chitsulo kumanda a kunyumba yachifumu?"

"Ndingaiwale bwanji? Msana wanga sunabwererenso m'malo."

"Unali wa ndani?"

"Wa kamwana. Hector, mwana wa Sir Aeneas. Anafa ali ndi zaka ziwiri."

"Ndiye taonani apa, wauka kwa akufa n'kubereka adokotala athu."

M'chaka cha 1815 tchalitchi chathu chinabatiza ana awiri otchedwa Hector MacTorran. Wina anali wa mfumu, wina wa Tormod, woluka nsalu wa m'chigwa. Farquhar anaona Hector pamwamba pa mzere wa makolo ake, n'kudzisankhira amene anamukomera. Mapepala onse osonyeza zoona anali m'makatoni aja, ndiye asandiuze kuti sanawaone.

Atabwera kudzakonzekera msonkhano, tinapita kunyumba yake ya tchuthi. Anatilandirira pakhomo, osatiuza n'komwe kuti tilowe.

"Adokotala, Hector wanu si wa mfumu," Dolina anatero.

"Mayi, zimenezi anaziunika ndi anthu ophunzira."

"Chabwino. Mwana woyamba wa Hector wanuyo anali ndani?"

"Tormod."

"Nanga wa Tormod?"

"Hector."

"Kenako Tormod wina, kenako Hector wina, mpaka bambo anu anapita m'tauni n'kudula chingwe. Aeneas ali pati? Munamuona kuti mwana wa mfumu wolumpha dzina la bambo ake n'kukatola la woluka nsalu? Agogo anu nyumba yawo inali yachitatu kuchokera pamtsinje. Anaitentha ndi amene mukumumangira chipilalayu."

Khosi la Farquhar linafiira. "Tamverani, mayi. Anthu akuwoloka nyanja kudzasangalala, osati kudzakhala pamaliro. Zakale zikhale zakale."

"Ndipatseni mphindi zisanu zokha ndiwerenge mayina."

"Ndondomeko yadzaza."

Inali yodzazadi. Munali magule, zitoliro, kuponya mitengo, ndi kulawa wisiki kawiri. Anthu 71 okha ndiwo anasowa malo. Pobwerera ine ndinatukwana njira yonse, koma Dolina ankangoyenda mayendedwe ake aja ofulumira a ku positi.

Pawindo la holo ya mudzi anali atamatapo mndandanda wa alendo obwera, aliyense ndi kumene akuchokera ndi dzina la kholo lake lakale kwambiri limene akulidziwa. Dolina anaima pamenepo ndi kope mmawa wonse. Masabata atatu otsatira analemba makalata ndi dzanja, makumi awiri ndi atatu, banja lililonse yake. Munalibe mawu achipongwe kapena odandaula. Inkangonena kuti kholo lanu linali uje, mwana wa uje, nyumba yake inali pakuti, anatulutsidwa tsiku lakuti ndi ana angapo, mayina awo ndi awa. Pansi ankajambula kamapu ka chigwa, n'kuika mtanda pamene panali nyumbayo. Ine ntchito yanga inali kumata maenvulopu.

Tsiku la msonkhano kunali mvula yamawawa, ija yonyowetsa munthu asakudziwa. Chipilala chinali pakamwa pa chigwa, chitafundidwa nsalu. Dolina anavala jekete lake lakale la ku positi, limene linali litayamba kumukulira, chikwama paphewa. Farquhar atangoyamba kulankhula za mtima wabwino wa Sir Aeneas, iye analowa pakati pa anthu n'kuyamba kuitana ndi liwu lija ankaitanira nalo pamakomo.

"Lachlan MacTorran wa ku Nova Scotia? Kalata yanu iyi, bambo. Marsaili wa ku Adelaide? Landirani, mayi."

Munthu akapatsidwa kalata ya dzina lake sadikira. Maenvulopu anayamba kung'ambidwa. Wapampando anakweza mawu, koma mitu yonse inali itawerama. Nsalu ija inachotsedwa pachipilala anthu oomba m'manja asakukwana khumi. Kenako Lachlan uja, bambo wa ku Canada wokalamba, woyendera ndodo, anabwera kwa Dolina pepala lili m'manja.

"Mayi, ife kwathu tinauzidwa kuti anachoka okha. Njira yopita pamtandapa ndi iti?"

Dolina analoza. Anthu pafupifupi makumi atatu anasiya mwambowo n'kulowera m'chigwa, nsapato zawo zatsopano zikumira m'matope, aliyense ndi kamapu kake m'manja. Woimba chitoliro anayang'ana uku ndi uku, n'kuleka.

M'chikwama munatsala kalata imodzi. Dolina anafika nayo kutsogolo.

"Farquhar MacTorran, mdzukulu wa Tormod woluka nsalu. Yanu iyi."

Iye anaika manja kumbuyo ngati mwana wokana mankhwala. "Sindilandira. Mwatichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Kuwerenga n'kwanu. Ine kwanga n'kufikitsa."

Anaiika pampando wake, n'kuipsinja ndi kamwala kuti mphepo isaiulutse. Wapampando anachoka osaiyang'ana. Amene anaitola ndi mwana wake wamkazi, Ailsa, yemwe anali chapafupi atagwira kamnyamata kake padzanja. Anaiponya m'kachikwama kake, ndipo ine ndinangoti akukaitaya.

Musaganize kuti zinatha bwino. Bungwe linamulembera Dolina kalata yomuchotsa umembala chifukwa cha "khalidwe losayenera". Anaiwerenga, n'kunena kuti sitampa anaimata mokhota. Bukulo atalisindikizanso anachotsamo ngakhale kamzere kaja kakuti anathandizako, koma Hector wakufa ali ndi zaka ziwiri akadali mmenemo, akubereka madokotala. Makatoni ake anabwera atatu m'malo mwa anayi. Chipilala chikadalipo, ndipo ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali kuopera kuchimwa.

Chimene chinkamupweteka anandiuza kamodzi kokha, tikusenda mbatata. "Jessie, mapepala amanyowa. Ine ndikapita, mayina aja apitanso kachiwiri." Ndinangopitiriza kusenda, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo.

Anamwalira mwezi wa Febuluwale ndi chibayo. Bambo wa ku Canada uja anatumiza maluwa. A bungwe sanatumize munthu ngakhale wodzangoima kumbuyo. Mudzi wonse unabwera, chifukwa palibe khomo limene Dolina sanagogodepo.

Chakumapeto kwa Meyi mayi amene amagawa makalata masiku ano anaima pageti panga ndi envulopu yoyera.

"Mayi Jessie, iyi ndi ya malemu. Ndiibweze kwa amene watumiza?"

"Mubweze kalata ya Dolina? Bweretsani kuno."

Sindinaitsegule m'nyumba, popeza sinali yanga. Ndinavala chikhoti n'kukwera nayo kumanda, ndipo ndinakaitsegulira kumutu kwa manda ake. Munali chithunzi cha khanda lofiira, lokwinya nkhope, ndi mizere yochepa yolembedwa ndi Ailsa. Analemba kuti kalata ija anaiwerenga, ndipo tsiku lotsatira anakaima pa nyumba yachitatu kuchokera pamtsinje. Tsopano wabereka mwana wake wachiwiri wamwamuna.

Ndinaima kaye pamenepo. Wachiwiri wamwamuna amatenga dzina la agogo obereka mayi, ndiye dzinalo linali la Farquhar, ndipo Ailsa mwambowu amaudziwa bwino.

Mzere womaliza ndinauwerenga mokweza, kawiri, chifukwa Dolina khutu lake lakumanzere silinkamva bwino.

"Tamutcha Tormod."