Amene Anasambitsa Yohane

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro a pamwezi ndinaipeza papepala lokulungira usipa. Nthawi imeneyo ndinali ndi kabenchi ka mabuku akale pamsika wa Manjawira, ndipo kasitomala wamkulu ndinali ine ndemwe. Munthu akafuna buku limene sindinamalize kuwerenga, ndinkamuuza kuti lagulidwa kale. Tsiku lina ndikuwongola pepala lonunkha nsomba, ndinaona kuti ofesi ina ikufuna munthu wolemba Chichewa chomveka. Ndinapita nditabwereka jekete ya alamu, ndipo ananditenga, mwina pomvera chisoni jeketeyo.

Ofesiyo inkaunika mmene apolisi afufuzira nkhani wapolisi akawombera munthu. Abwana anga, Mayi Nangondo, anandiuza tsiku loyamba kuti, "A Kamwendo, ife si khoti. Timangoona ngati amene anadzifufuza okha anafufuzadi."

Zanga zinali kunyamula rekoda, mabatire, kamera, tepi yoyezera mtunda ndi inki yodindira chala. Mboni imalankhula ili yokha, popanda wa yunifolomu pafupi. Ikamaliza ndimaiwerengera zonse ndalemba, ikavomera idinde chala. Galimoto ya apolisi sitinkakwera, ngakhale yathu ife panjira. Lamulo limene linkandivuta ndi lakuti usamuike munthu mawu m'kamwa. Munthu wowerenga mabuku amadziwiratu mathero a nkhani iliyonse, ndiye lilime limayabwa.

Tsiku limene sindiliiwala tinali m'mudzi wina kuseri kwa Champiti. Bambo wina wa kabaza, Yohane, anawomberedwa pamsika pa chipwirikiti. Apolisi atafufuza anati iye analunjika wapolisi ndi chikwanje, chipolopolo n'kulowera pachifuwa. Dokotala sanapime thupi, poti kunali kotentha ndipo abale anaika maliro msanga. Ife tikanabwerera chimanjamanja, nkhaniyo ikanatsekedwa, ndipo mkazi wake, Nasibeko, akanalera ana ndi dzina lakuti bambo awo anali chigawenga.

Tinaitana mboni zomwezo zimene apolisi anafunsa. Aliyense ankangoti, "Ndinamva mfuti, ndinathawa." Dzuwa litapendeka tinakhala ndi Nasibeko. 

"Ine kumsikako kunalibe," anatero. "Koma alipo amene anamuvula malaya."

Ankanena adzukulu, anthu a banja lina amene amakumba manda ndi kusambitsa maliro. Apolisi sanawafunse. Ifenso, ndi mapepala athu onse, sitinawaganizire.

Wamkulu wawo, a Lifa, tinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Adzukulu nthabwala ndi ufulu wawo, pamaliro pomwe amaseka.

"Akalaliki, kawailesi kanuko kamagwira mpira?" anandifunsa, akuloza rekoda.

Nditafotokoza chimene tabwerera, anasiya kusema. Anakana kunena zimene anaona. Ine ndinakonza jekete n'kuyamba kuwalalikira za udindo wa mboni, monga ndinawerengera m'buku lina lopanda chikuto. Ndinalankhula bwino ndithu, ndekha ndinadzimva. A Lifa anandidikira mpaka mpweya unandithera.

"Mwatha, achimwene? Zimene ndimaona m'nyumba ya maliro ndimakwirira pamodzi ndi malirowo. Ndikayamba kuzinena kwa alendo, mawa ndani adzandipatse bambo ake kuti ndiwasambitse?"

 Munthuyo sankabisa mlandu ayi. Ankasunga chinthu chimene mudzi wonse unamusungitsa.

Mayi Nangondo anatenga rekoda m'manja mwanga, anaizimitsa n'kuiika m'chikwama. "Ndani angakumasuleni, bambo?"

"Eni thupi."

Tinapita kwa amalume a Yohane, mwini mbumba. Abwana anakana mpando, anakhala pamphasa, ine ndinanjuta pambali. Anafotokoza mosakometsera: kuti zobisika za m'bale wawo zidzamvedwa ndi anthu osamudziwa, kuti mwina manda adzafukulidwa, ndiponso kuti sitikulonjeza kuti wina adzamangidwa. Amalume analowa m'nyumba kukakambirana ndi alongo awo ndi Nasibeko. Tinadikira. Dalaivala wathu ankangozungulira galimoto akudandaula za msewu. Ine mawondo anachita dzanzi, koma kudzuka ndinaopa.

Atatuluka, amalume anatumiza mawu kuti a Lifa abwere.

Atafika, amalume anati, "Adzukulu, thupi linali lathu, chinsinsi chake n'chathunso. Nenani zimene munaona."

"Mwandimasula chabe, popanda ngakhale kankhuku?" anatero a Lifa. Amayi ena anaseka misozi ili m'maso. Kenako a Lifa anavula chipewa.

Tinakhala nawo patokha kuseri kwa nkhokwe, rekoda ikugwira. Anati kumsana, m'munsi mwa phewa, kunali kabowo kakang'ono kongokwana nsonga ya chala. Bala lalikulu long'ambika linali kutsogolo. Pakamwa panga panatseguka kale kuti ndifunse ngati ndiye kuti anamuwombera akuthawa. Abwana anangondiyang'ana, funsolo ndinalimeza.

"Munaonanso chiyani, bambo?" anafunsa iwo.

Mdzukulu wachiwiri tinamufunsa payekha, ananena zomwezo m'mawu akeake. Ndinawawerengera, onse anadinda chala.

Lipoti lathu silinanene kuti wapolisi uja ndi wolakwa, ndipo mpaka lero sindinganene zimene zinali m'mutu mwake chipwirikiti chili mkati. Linangonena kuti kafukufuku sanathe, chifukwa amene anagwira thupi sanafunsidwe, ndi kuti nkhani itsegulidwenso ndi ofufuza ochokera kwina, dokotala ali pomwepo. Zinavomerezedwa.

Titabwerera kukamuuza Nasibeko, tinamupeza akutongola chimanga. Sanasiye kutongolako.

"Ndiye anawa ndiwauze kuti chiyani?"

"Auzeni kuti zija anamva za bambo awo si mawu omaliza," anatero Mayi Nangondo.

Anagwedeza mutu, n'kutipatsa chimanga chokazinga cha panjira.

Pa ntchitoyi ndinakhalapo zaka zingapo. Kuyambira tsiku limenelo, akandipatsa nkhani yoti tikaunike, ndisanawerenge zimene mboni zinanena ndinkayamba ndadzifunsa kuti ndani sanafunsidwe, ndipo ndani ali ndi mphamvu yomumasula kuti alankhule. Nthawi zambiri woonayo amakhala alipo, akungodikira kuti tigogode khomo loyenera.