Malata a Boma ndi Udzu Umene Sitinamwete

M'masiku a Chitaganya panalibe munthu, kuyambira pa Katete mpaka kumalire kwa Vubwi, amene akanandigonjetsa pa kunenerera malonda. Amwenye a m'masitolo akangondiona ndikutsamiritsa njinga pakhonde ankausa moyo ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinkapikula mchere ndi nsalu n'kukasinthanitsa ndi mtedza kumidzi, ndipo sindinkachoka pamalonda wopanda basela. Choncho anthu a m'mudzi umene ndinakwatirako, chakumwera kwa Sinda, atafuna munthu wolankhula ndi Boma za sukulu, sanavutike kusankha. Mkamwini amene tsiku lililonse ankamuti wayendayenda, tsiku limenelo anasanduka mlomo wa mudzi.

Ndinali ndi chifukwa changachanga. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, ankalira sukulu. Ya mishoni inali kutsidya kwa mtsinje, ndipo mvula ikayamba ana ankakhala pakhomo mpaka madzi ataphwa. Mwanayo n'kuti atayamba kale kutalika, ndipo aphunzitsi a nthawi imeneyo mtsikana akaoneka wamkulu ankamubweza pakhomo pomwe.

Pangano la Boma linali lokoma kumva. Inu umbani njerwa, otchani, mangani zipupa. Ife tidzabweretsa malata, zitseko ndi mphunzitsi. Tinaumba. Akazi anatunga madzi mpaka makosi kuuma, amuna tinaponda dothi, mauvuni anafuka. Simenti sanatipatse, tinamangira matope.

Zipupa zitaima kunabwera woyendera masukulu, munthu wakuda ngati ife, wa kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, ali pa njinga yamoto. Anazungulira nyumbayo manja ali kumbuyo.

"Awa ndi mazenera kapena zibowo za nkhunda?" anandifunsa.

"Ana athu ndi ang'onoang'ono, bwana. Kuwala pang'ono kuwakwanira."

"Boma silifolera khola, bambo. Gumulani, mukulitse."

Tinagumula, tinakulitsa. Atabweranso anati zimbudzi zili kuti. Tinakumba. Ulendo winawo anati mphunzitsi adzagona mumtengo kodi. Ndinayamba kuizindikira nyimboyo, chifukwa inenso ndinkaiimba pamsika: wogula umamusunga mpaka atataya nthawi yambiri moti sangathenso kuchoka.

"Nanga malata, bwana?"

"Ali m'njira."

"Njira yake iti, ndikawachingamire ndi njinga?"

Anaseka, anamangirira kumbuyo tambala amene tinamupatsa, n'kutisiyira fumbi.

Nyengo yozizira ikupita kumapeto, mkazi wanga anandipeza ndikupopa njinga.

"Bambo a mwana, udzu wauma kudambo. Akazi tagwirizana timwete, amuna mufolere. Malatawo adzapeza denga lilipo."

"Mayi, inu malonda simuwadziwa. Boma likadzaona denga lidzati awa adzithandiza okha, malata apite kwina. Zipupa zikhale choncho, zamaliseche, kuti bwana uja achite manyazi."

"Nanga mvula, mwanenerera nayo?"

Ndinatsiriza kupopa njinga. Ndinapita kukauza amuna anzanga zomwezo, ndipo popeza kufolera n'kotopetsa, anandiombera m'manja. Akazi anapachika zikwakwa. Posakhalitsa alenje a mbewa anayatsa tchire, lupsa linadutsa, dambo lonse linasanduka phulusa.

Mvula sinachite manyazi. Inalowa pamwamba pa zipupa, matope anasungunuka, njerwa zinayamba kusiyana ngati abale okangana. Khirisimasi isanafike khoma lakumvuma linagona, enawo anatsatira. Mwana wanga ankapita kukaima pamuluwo n'kumatola njerwa zosasweka, kuziunjika pambali. Palibe amene anamutuma.

Lole ya malata inabwera mvula itatha, chimanga chili m'mikukwe. Ndinawaona ndi maso angawa, akunyezimira. Woyendera uja anali atasamutsidwa, ndipo anatsika wina, wamng'ono, wa magalasi.

"Zipupa zili kuti?"

"Zinatopa kudikira, bwana. Zinakhala pansi."

Sanaseke. Anati lamulo ndi lakuti malata amaperekedwa pa nyumba yoima. Ndinatulutsa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinamutamanda, ndinadandaula, ndinati tsitsani theka lokha enawo mudzabweretse. Potsiriza ndinachita chimene sichinandilepherepo kwa mmwenye aliyense: ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuitanidwa. Chimene ndinamva ndi injini. Mmwenye amakuitana chifukwa katundu akagona m'sitolo iye sagona tulo. Malata a Boma akagona, palibe amene amataya tulo.

Kumanganso kunatenga zaka. Amuna ambiri anali atapita kutali, ku Walale ndi kumigodi, kukasaka ndalama ya msonkho, otsala anali okhumudwa. Zipupa zitaimanso akazi sanafunse munthu. Anamweta udzu, anatikakamiza kufolera, ine ndili pansi kuponyera mitolo ngati mkamwini wina aliyense. Wa magalasi uja anabwera, anayang'ana dengalo, anagwedeza mutu mokondwa.

"Mwachita bwino. Boma limakonda anthu odzithandiza. Malata apita kwa anzanu amene alibe denga."

Ndinayang'ana mkazi wanga kuti aone kuti ndinanena zoona. Iye ankayang'ana mwana.

Mphunzitsi anabwera ndithu. Tsiku lolemba ana, wanga anasamba, anavala nsalu yatsopano imene ndinamugulira pa Katete, ndipo anaima pamzere pakati pa tiana tomulekeza m'chiuno. Mphunzitsiyo anamuyang'ana kamodzi.

"Chemwali, mwaperekeza ndani?"

Ndinalowererapo. Ndinati msinkhu ndi wakumtundu, ndinati akhale kumbuyo sadzasokoneza, ndinatchula nkhuku, ndinatchula mbuzi. Anati malo ndi ochepa ndipo woyendera akadzamuona mwanayo adzachotsa ntchito iye mphunzitsi. Mwana wanga anachoka yekha pamzerewo ine ndikadali kunenerera. Chaka chotsatira anakwatiwa cha ku Mkaika, ndipo mpaka lero dzina lake amalemba podinda chala.

Za Boma ndinalosera zoona, palibe angatsutse, ndipo ndimanenabe zimenezo pamowa. Sukulu ija ilipo, ana a ena anaphunziramo, Boma linaiwerenga pakati pa ntchito zake osataya lata ndi limodzi lomwe. Inu amene mumatha kuwerenga izi, tandiuzani: pamalonda amenewo anapambana ndani?