Madontho a Buluu pa Thanki ya a Meneja

Phokoso limene ndimalikumbukira la chilimwe chimenecho ndi la chitsulo chikugunda simenti: kho, kenaka phazi, kho, kenaka phazi. Anali Rehema akutsika masitepe a kuseri kwa nyumba yawo. Mwendo wake wakumanzere unapuwala ndi poliyo, ndipo unkakhala womangidwa m'zitsulo ziwiri za malamba achikopa, onunkha thukuta ndi mafuta a nsatsi.

Ine ndinkakhala ndi agogo kumunsi, kumene ife Anyasa ochokera ku Likoma tinamanga moyandikana. Makolo anga chifuwa chinawatenga motsatizana ndisanayambe sukulu. Agogo ankachapa zovala kwa atate ake a Rehema, a Meneja a duka la ushirika, sitolo ya kopaletivi, pamtunda poyang'ana doko la Mbamba Bay. Ndinkawanyamulira makala a m'nsimbi ndi kuwatakasira buluu wochapira m'beseni. Poti sindinali wolankhulalankhula, anthu ankaiwala kuti ndilipo.

Nyumbayo anaisiya mzungu wogula khofi pamene ufulu unabwera, ndipo kuseri kwake kunali dziwe la simenti losambiramo. A Meneja sankalitchula choncho. Ankati ndi thanki. Zinali zaka zimene wailesi inkadzuka ndi ujamaa, mfundo ya boma yoti chuma n'cha onse, m'mawa uliwonse, anthu a ku Lipingo akusamutsidwira m'midzi yapamodzi, ndipo munthu wa boma wokhala ndi kanyanja kakekake, nyanja ya Mulungu ili pompo, akanatchedwa bepari, wodyera anzake masuku pamutu. Koma dokotala anali atanena kuti Rehema aziyendetsa mwendo m'madzi, ndipo kugombe mafunde ankamugwetsa, m'mabango munali likodzo.

Loweruka lililonse a Meneja ankagwada pambali pa thankiyo, kutunga madzi m'kagalasi kotalika ngati chala, ndi kudonthezamo mankhwala ofiira amene mzungu uja anasiya. Ankafanizira mtundu wake ndi kakhadi kokhala ndi mitundu yoyambira ku chikasu mpaka kufiira. Madzi akaoneka ngati papaya wakupsa, Rehema ankaloledwa kulowa. Masiku ena ankathiramo ufa woyera wonunkha chipatala, umene unkandiyetsemulitsa.

Amayi ake a Rehema atalemedwa ndi pakati, panasowa womugwira manja m'madzi. Rehema anandipeza nditakhala pansi pa mtengo wa ndimu.

"Iwe bubu wosalankhula, umatha kusambira?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Ndiye ukudikira kuti ndikulembere kalata?"

Ndinkayenda chambuyo, iye akunditsata atagwira zala zanga. M'madzi sankatsimphina. Ankandiseka Chiswahili changa, ine ndikumuphunzitsa kutulutsa thovu m'mphuno, ndipo tsiku lina ndinadzimva ndikuseka mokweza mpaka agogo anasuzumira kuchokera ku chingwe cha zovala. Mnzanga wina ndinalibe.

Kenaka madontho ofiira aja anatha. Ku duka kunalibe ngakhale machesi, nanji mankhwala a mzungu. A Meneja anapempha mwakachetechete kwa mnzawo wophunzitsa ku Songea, ndipo lole inabweretsa kabotolo kena kolembedwa m'chilankhulo chimene palibe ankachiwerenga. "Akuti ntchito yake ndi yomweyo," anatero.

Loweruka limenelo anagwada, anatunga, anadontheza. Madzi m'kagalasi anasanduka buluu.

Anayendetsa kagalasiko pa khadi, kukwera ndi kutsika, koma pakhadipo panalibe buluu. Anatunganso mbali ina. Buluu. Mama Rehema, amayi ake aja, anabwera atagwira msana, anayang'ana kagalasi, kenaka anayang'ana manja anga. M'zikhadabo zanga munali mtundu womwewo.

"Si buluu wochapira wa agogo ake uyu? Mwana akuchoka ku beseni, akulowa m'madzi a mwana wanga wodwala!"

Ine ndinayang'ana thanki. Madzi ake anali mbee, ndikuona ming'alu ya pansi. Ndinkafuna kufunsa kuti buluuyo akubisala pati, ndipo akutulukira bwanji m'kagalasi mokha. Koma palibe anandifunsa, ndipo agogo anali atandikanikiza kale phewa.

Anakhuthula madzi onse, nthochi za kuseri zinamwa mpaka kukhuta. Thanki inadzazidwanso ndi paipi yochokera ku kasupe wa kuphiri, ine nditaletsedwa kuyandikira. Atayeza madzi atsopanowo, anaoneka obiriwira ngati tsamba lanthete. Nawonso mtundu umenewu pakhadi panalibe, koma Mama Rehema anati, "Mwaona? Akuchira." A Meneja anangokanda chibwano.

Rehema anakana kudya mpaka atandilola kubwerera. Agogo anandiletsa kukhudza beseni, anandiwenga zikhadabo ndi lezala, ndi kundikhula zala ndi mwala mpaka zinatentha. M'mawa wa tsiku limene ndinalowanso, a Meneja anali atathiramo ufa wawo woyera uja. Tinasambira, Rehema anayenda yekha kuchoka khoma mpaka khoma. Atayezanso Loweruka, buluu anali atabwerera, woderapo kuposa kale.

Tsopano sizinali zikhadabo. Kuchitsime amayi ankanong'onezana kuti mwana amene wagoneka makolo onse awiri amayenda ndi mthunzi. Ena ankati Anyasa sawoloka nyanja opanda kanthu m'chiuno. Agogo anauzidwa kuti apume kaye, ndipo mawu akuti kaye aja sanathe. Anayamba kuyanikira anthu usipa pamchenga, akubwera madzulo maso atafiira, okwiya ndi ine, ndi a Meneja, ndi mphika womwe. Usiku wina ndisanagone anandinunkhiza manja. "Iwe, ngati pali chimene unadya kwa anthu, nena."

Ndinayamba kudzifufuza. Ndinkalavulira m'kapu yoyera ya agogo ndi kudikira. Ndinkayang'anitsitsa mkodzo wanga pamchenga. Ndinadzibaya chala ndi munga wa ndimu, magazi anatuluka ofiira ngati a aliyense, ndipo zimenezi zinandisokoneza koposa, chifukwa kufiira ndiko kunali pakhadi. Kutchalitchi ndinkaopa kuyandikira beseni la ubatizo. Ndinkaganiza kuti amayi ndi atate anasiya kanthu mwa ine kamene kabotolo kokha kankatha kukaona.

Rehema sanalowenso m'madzi. Mwendo unayambanso kuuma, ndipo anamutumiza kwa azakhali ake ku Songea, kufupi ndi madokotala. Ndinaona lole ikukwera phiri m'fumbi, koma sindinadziwe kuti anakhala mbali iti.

Ndinali kale bambo wa ana, ndikugwira ntchito yoyeza madzi a m'mijigo, pamene ndinaona mabotolo awiri a mankhwala omwe aja ali pa shelefu imodzi. Lililonse lili ndi khadi lake. Madzi omwewo, lina limafiiritsa, lina limasandutsa buluu, ndipo onse awiri akunena kuti madzi ali bwino. Ufa woyera uja ndiwo unkabweza buluu.

A Meneja ayenera kuti anazidziwa kale kwambiri, pamene anaperekeza mwana wawo ku Songea ndi kuonana ndi mnzawo uja. Mvula yoyamba itagwa chaka chimene Rehema anachoka, fungo la dothi lili ponseponse, ndinawaona akutsika kanjira ka kwathu wapansi, nsapato zitalemera ndi matope. Anthu a pamtunda sankafika kumeneko. Agogo anali ku munda wa kijiji, wolima mudzi wonse.

"Shikamoo," ndinawalonjera mwaulemu.

"Marahaba, Luka." Sindinkadziwa kuti amadziwa dzina langa. Anayang'ana denga lathu lodontha, anayang'ana ine. "Kabotolo kaja..." Anaima pomwepo, akupukuta magalasi awo ngakhale anali ouma.

Kenaka anatulutsa m'thumba kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Unali sopo wosambira, wonunkhira maluwa, amene anali atasowa ku duka kuyambira nthawi yokolola. Lero ndimaganiza kuti munthu wamkulu amene sakanatha kupepesa mwana wa wochapa zovala anafunafuna chinthu chosowa kwambiri m'nyumba mwake. Koma tsiku limenelo ndinamva bwino lomwe chimene ankandiuza: kuti ndikasambe, mwina zingachoke.

Anauika m'manja mwanga, anapinda zala zanga pamwamba pake, ndipo anatembenuka n'kuyamba kukwera phiri.